Pansi Pakakwera ndi Chala Chimodzi

Nkhani ya lero ndi ya kachipinda kamene anthu sakonda kukatchula pagulu, ngakhale kuti palibe tsiku limene limapita osaloŵamo, ndiko kuti bafa ndi chimbudzi cha m'nyumba. Nkhaniyi ikuchokera ku Chitedze m'boma la Lilongwe, koma zimene zili m'menemo zingachitike kwina kulikonse kumene mwini nyumba waganiza zoyala matailosi pamene kale panali simenti.

Munthu akatuluka mumzinda wa Lilongwe ndi msewu wa ku Mchinji, akayenda makilomita 16 amafika pa Chitedze, malo odziŵika ndi siteshoni ya Boma yofufuza za ulimi imene inatsegulidwa m'chaka cha 1948. Masiku akale nyumba za mipope ndi zimbudzi zamadzi zinali zoŵerengeka m'dera lonseli, ndipo zinkapezeka makamaka pamalo a Boma ndi kumishoni monga ku Namitete ndi ku Nambuma. Kuyambira m'chaka cha 1975, pamene likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe, mzinda wakhala ukutambalala, ndipo lero pa Chitedze, pa Mpingu, pa Nsaru, kwa Kabudula ndi pa Namitete munthu amaona nyumba za njerwa zootcha ndi malata, zina zili ndi thanki ya madzi pamwamba pa nsanja. Ndalama za fodya, mtedza kapena soya zikaloŵa, kapenanso munthu akalandira zake zopumira pa ntchito, chimodzi mwa zinthu zimene zimakumbukiridwa msanga ndicho matailosi. Palibe cholakwika pamenepo, pakuti matailosi savuta kukolopa ndipo sasunga litsiro monga simenti wosweka. Komatu akulu anati walira mvula walira matope.

Taganizani za bambo wina wa pafupi ndi msika wa pa Chitedze, amene anapuma pa ntchito nakhazikika m'nyumba yake yakale. Pansi pa bafa lake panali simenti wofiira amene anali atayamba kung'aluka, ndipo mayi a kunyumba anali atadandaula kwa nthaŵi yaitali. Atagulitsa mtedza, bamboyo anagula matailosi naitana mnyamata wodziŵa kuyala. Mnyamatayo anazula mtondo wa chimbudzi, chija choyera chokhalapo, nachotsanso chitseko, ndipo m'masiku aŵiri anali atayala pansi ponse, mizere yake yowongoka ngati ya m'minda ya pa siteshoni. Tsiku lachitatu anabwezera mtondo naukhazika pa simenti. Ataona kuti kukamwa kwa mtondo sikukugwirizana ndi paipi ya m'khoma, anatseka mpatawo ndi mapepala a pulasitiki, n'kumata simenti pamwamba. Chitseko chitakana kubwerera pamalo pake, anachitsamiza pakhonde nati, "Bambo, ichi n'cha akalipentala, si mbali yanga." Analandira malipiro ake onse natsazika.

Kwa milungu itatu banjali linkatchinga khomo la bafa ndi chitenje, chinthu chochititsa manyazi pakabwera apongozi. Koma chovuta chenicheni sichinali chimenecho. Tsiku lina m'maŵa mayi aja anati, "Abambo, m'nyumba muno mwaloŵa fungo." Bambo anayankha kuti ndi fungo la zinthu zatsopano, litha lokha. Silinathe. M'malo mwake khoma la kunja, pamene paipi imatulukira, linayamba kuda ndi chinyezi, ndipo mtondo unayamba kugwedera munthu akakhalapo.

Kodi chinalakwika n'chiyani, popeza matailosi anayalidwa bwino? Yankho lake lili m'kachinthu kakang'ono kamene anthu ambiri sakaŵerengera. Tailosi ya pansi imakhala yochindikala mamilimita 8 mpaka 10, ndipo simenti wapadera womatira amaonjeza mamilimita ena 4 kapena 6. Chotero pansi pamakwera ndi mamilimita 12 mpaka 16, muyeso wonga wa chala chimodzi chopingasa. Ngati mmisiri wayala pa matope a simenti ndi mchenga, monga ambiri amachitira pofuna kusalaza pansi pokumbikakumbika, pamakwera ndi mamilimita 25 kapena kuposerapo, imene ndi inchi yathunthu kwa amisiri akale. Tsono chilichonse cha m'bafa chinayezedwa kuchokera pansi pakale paja: paipi ya m'khoma, kathanki ka madzi, mpata wa pansi pa chitseko, ngakhale njira imene madzi osamba amatsata. Pansi pakakwera, zonsezi zimatsala pamene zinali.

Amisiri ena amazemba vutoli podula matailosi mozungulira mtondo, osauzula. Ntchito imatha msanga, koma mtondo umakhala ngati wamira m'dzenje, madzi okolopera ndi mkodzo zimaima m'mphepete mwake, ndipo tsiku limene udzasweke n'kugula wina wa maonekedwe osiyana, pansi pamatsala chipsera chimene palibe angachibise. Njira yoyenera ndiyo kuzula mtondo, kuyala pansi ponse, n'kuubwezera pamwamba pa matailosi. Mnyamata wa ku Chitedze uja anayamba bwino, anangolephera potsiriza.

Bambo aja atatopa ndi fungo anaitana pulambala wachikulire. Mkuluyu anagwada, nasuzumira kuseri kwa mtondo, nagogoda simenti uja ndi chala. Simentiyo anali atalekana kale ndi paipi. "Wawa bambo," anatero, "simenti sagwira pulasitiki, ndiponso sagwira chinthu chosalala ngati mbale chonchi. Madzi onse oipa amene akhala akudontha apa aloŵa m'khoma mwanu."

Mawu ameneŵa ndi ofunika kuwamvetsa, chifukwa apa ndi pamene pagona ngozi. Nyumba zambiri za m'derali zinamangidwa ndi njerwa zootcha koma zolumikiza ndi dothi, ndipo dothi likamamwa madzi tsiku ndi tsiku limafeŵa. Chiswe nachonso chimakonda pachinyezi. Choopsa koposa n'chakuti madzi odonthawo si madzi wamba. Mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Kolera, kamwazi ndi matenda ena otsegula m'mimba amayenda ndi zonyansa za munthu. Chimbudzi chodontha m'nyumba momwe muli mwana wokwaŵa n'choipa kuposa chimbudzi chokumba cha panja chosamalidwa bwino, chokhala ndi chivundikiro chake.

Pulambala uja anayambanso ntchito yonse pachiyambi, ndipo m'mene anachitira ndimo muyenera kuchitikira. Anatseka madzi opita ku kathanki, nagejemula kuti kathanki kakhale kopanda kanthu, nakapa madzi otsala mu mtondo ndi chitini ndi chisanza. Asanakhudze simenti wa pansi anachenjeza mwini nyumba kuti mtondo wokhazikidwa pa simenti suzulika mwamtendere nthaŵi zonse, ndipo ukasweka asadzati ndi kusasamala kwa mmisiri. Ili ndi chenjezo loyenera kunenedwa ntchito isanayambe, kuti mwini nyumba asungeko ndalama pambali. Chimene chinapulumutsa mtondo wa ku Chitedze n'chakuti simentiyo anali pamwamba pa matailosi osalala, ndipo anamatuka ndi kugogoda pang'onopang'ono kwa tchizulo. Mtondo ukasweka, zidutswa zake zimatema ngati galasi, ndipo bala lake limakhala loipa chifukwa cha zonyansa. N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amavala magolovesi.

Atangozula mtondo, anatseka kukamwa kwa paipi ndi chisaka chachikulu chomangirira chingwe. Paipi imeneyi, ya mamilimita 110, imene akale amati ya mainchi anayi, imapita kudzenje la zonyansa, ndipo ikakhala yotsegula mumatuluka mpweya woipa, mphemvu, nthaŵi zina ndi makoswe omwe. Mumagweranso zidutswa za matailosi. Pali chizoloŵezi china choipa cha oyala matailosi, chotsukira ndowa ya simenti m'paipi kapena m'kadzenje kotulukira madzi osamba. Simenti amauma ngakhale m'madzi, ndipo akaumira m'kati mwa paipi palibe waya amene angamchotse, chotsala n'kukumba.

Tsono mkuluyo anayeza. Mitondo ili ya mitundu iŵiri. Wina umatulutsira kumbuyo, kudzera m'khoma, ndipo amisiri amautchula P-trap. Wina umatulutsira pansi, ndipo amati S-trap. Maina ameneŵa amachokera ku kupindika kwa njira ya m'kati mwa mtondo, kumene kumasunga madzi akuya pafupifupi mamilimita 50. Madzi oima ameneŵa ndiwo chitseko cha fungo. Nzeru imeneyi ndi yakale: Alexander Cumming, wokonza mawotchi wa ku Scotland, ndiye analembetsa luso la paipi yopindika chotere mumzinda wa London m'chaka cha 1775. Koma madziwo amatchinga fungo lodzera m'kati mwa mtondo lokha. Ngati polumikizira pali mpata, fungo limatulukira kuseri kwa mlonda, ndipo mayi angathire mankhwala onunkhira botolo lonse osaphula kanthu.

Mtondo wa ku Chitedze unali wotulutsira kumbuyo, ndipo unali utakwera ndi mamilimita 20 pamene paipi ya m'khoma inatsala pomwepo. Polumikizira mtondo ndi paipi pamafunika cholumikizira cha pulasitiki chokhala ndi milomo ya mphira, chimene m'masitolo a zipangizo zomangira amachidziŵa ndi dzina loti pan connector. Chowongoka chimakhululuka kusiyana kwa mamilimita oŵerengeka okha. Kusiyana kukakula pamafunika chokhota, chimene mbali yake imodzi ili pamwamba pang'ono kuposa inzake, ndipo zilipo za miyeso yosiyanasiyana. Chiliponso china chonyumbwika, chamakwinya, chimene amisiri aulesi amachikonda chifukwa chimalola chilichonse. Koma chikapindidwa kwambiri kapena chikagwa pakati, zonyansa zimatsalira m'makwinyamo, chotero n'chogwiritsa ntchito pokhapokha njira zina zitakanika. Ngati kusiyana kuli kwakukulu zedi, ndi bwino kugumula njerwa ziŵiri zitatu n'kukweza paipi yeniyeniyo, mosamala kuti ikhalebe yopendekera kunja. M'nyumba zakale, momwe paipi ndi yachitsulo kapena yadothi lootcha, kukula kwa m'kati mwake kumasiyana ndi kwa pulasitiki, choncho wopita ku Lilongwe kukagula ayenera kutenga muyeso papepala, osati m'mutu. Safunsa anadya phula, ndipo ulendo wachiŵiri wa pa minibasi ndi ndalama.

Kwa mtondo wotulutsira pansi vuto limakhala lina. Paipi imatsala yaifupi, yomira pansi pa matailosi, ndipo pamafunika cholumikizira chachitali kuti chiloŵe bwino m'kati mwake. Ngati khoma nalonso layalidwa matailosi, kathanki kamakankhidwira kutsogolo ndi chala chimodzi, mtondo n'kusuntha nako, pamene bowo la pansi silinasunthe. Ichi n'chifukwa chake muyeso uyenera kutengedwa tailosi yoyamba isanayalidwe.

Ndi cholumikizira choyenera m'manja, pulambala anayamba wayesa kukhazika mtondo popanda kumanga chilichonse, nauika levulo pamwamba, nalemba ndi pensulo pamene pali mabowo aŵiri a m'mbali. Anagogodanso matailosi a pamalopo ndi chigwiriro cha tchizulo. Tailosi yomatidwa bwino imalira mogonthera. Imene pansi pake pali mphako imalira ngati chigubu, ndipo yotero imasweka ikasenza mtondo ndi munthu pamwamba. Apa ntchito ya mnyamata uja inapambana mayeso. Ndi bwinonso kudziŵa kuti matailosi ongoyalidwa kumene safuna kupondedwa tsiku lathunthu lisanathe, ndipo kuwasenzetsa mtondo kumayenera kudikira masiku aŵiri kapena atatu. Banja likonzeretu kumene lizipita masiku amenewo, pakuti kufulumira kwa amisiri kaŵirikaŵiri kumachokera kwa eni nyumba amene apanikizika.

Kuboola tailosi kumafuna mtima wodekha. Mmisiri amamata kapepala komatira pamalopo kuti nsonga isaterereke, naboola pang'onopang'ono ndi nsonga yoyenera, makina asakugunda. Kugunda kumaloledwa pokhapokha nsonga itapyola tailosi n'kufika pa simenti. Ayeneranso kudziŵa kumene mapaipi a madzi anadutsa pansi, kuti angaboole imodzi. M'mabowomo amaikamo timapulagi ta pulasitiki. Zitatha izi pulambala anakoka chingwe chija n'kutulutsa chisaka m'paipi. Ichi chimaoneka ngati chosafunika kuchinena, koma alipo amisiri amene anamanga zonse bwinobwino chisanza chili m'kati, ndipo anazindikira pamene madzi anasefukira pa matailosi atsopano.

Milomo ya mphira anaipaka madzi a sopo kuti mtondo uloŵe mosakakamiza. Mafuta a galimoto kapena girisi n'zoletsedwa pamenepa, chifukwa zimadya mphira. Mtondo utaloŵa, unapezeka kuti ukugwedera pang'ono kumanzere, popeza pansi pa bafa pamapendekera dala kumene madzi amatulukira. Anauchirikiza ndi tizidutswa topyapyala ta pulasitiki wolimba, osati makatoni kapena timitengo zimene zimawola, kapena zotsekera mabotolo zimene zimachita dzimbiri. Kenaka anamanga misomali yopota yosachita dzimbiri, ndi dzanja, uku pang'ono uku pang'ono mosinthanasinthana. Mtondo ndi dothi lootcha monga mbale ya tiyi. Suchenjeza, umangoti thee, ndipo ukang'aluka palibe guluu woubweza. Pomaliza anazunguliza silikoni m'munsi mwake, kutsogolo ndi m'mbali, koma kumbuyo anasiya mpata wa zala ziŵiri. Mwini nyumba anayesa kuti waiŵala. "Iyayi bambo, ndasiya dala," anatero mkuluyo. "Tsiku lina pakadzadontha, madzi adzatulukire pamene mayi angawaone, asabisale pansi."

Kathanki nakonso kanali ndi zake. Kanali ka mtundu wakale, kopachika pakhoma, kolumikizidwa ndi mtondo ndi paipi yopindika. Mtondo utakwera, paipiyo inatalika ndi mamilimita 20 omwe aja, ndipo mnyamata anali ataikakamiza mpaka inapendeka. Pulambala anaidula kumtunda kwake, pamene ili yowongoka, naikamo mphira zatsopano. Pa zimbudzi za masiku ano, zimene kathanki kamakhala pamsana pa mtondo, kathanki kamakwera pamodzi ndi mtondo, motero mabowo akale a m'khoma sagwiranso ntchito, ndipo paipi yobweretsa madzi imafupika. Kapaipi konyumbwika kamathetsa zimenezi pa mtengo wochepa.

Kuyesa kwake kunali kosavuta, ndipo mwini nyumba aliyense angakuchite yekha asanalipire. Anayala nyuzipepala youma pansi pa cholumikizira, nagejemula kasanu. Anapempha bambo aja kuti akhalepo ndi kudzigwedeza. Anatuluka panja, navundukula kadzenje koyang'anira paipi, natuma mwana kuti agejemulenso, kuti aone ngati madzi akufika ndi liŵiro. Nyuzipepala inatuluka youma.

Kunatsala chitseko. Pa ichi anaitana kalipentala wina amene anaphunzira ntchito yake pa sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete, dera lodziŵika ndi luso la matabwa. Munthu angafunse kuti, bwanji osangokweza chitseko? Sizitheka, chifukwa pamwamba pali felemu, ndiponso nyumba zambiri zili ndi mafelemu achitsulo amene mahinjesi ake anawotchereredwa pomwepo, pamodzi ndi bowo loloŵera loko. Chotsala n'kudula, ndipo kodula ndi kumunsi. Kalipentala asanagoneke chitseko pa benchi analemba chizindikiro kumunsi kwake, popeza chitseko chosalala chikagona, kumutu ndi kumiyendo kumafanana, ndipo wodula kolakwika amatsala ndi chitseko chokhulabe pansi koma chili ndi zenera pamwamba. Amisiri amasekanso nkhani ya mnzawo amene anayala matailosi chitseko chili chotseka, iye ali m'kati, n'kupeza kuti wadzitsekera yekha ngati mbeŵa mu msampha. Chitseko cha bafa chimatsegukira m'kati kaŵirikaŵiri, ndipo chiyenera kuchotsedwa ntchito isanayambe.

Poyeza, kalipentala anayambira pa hinjesi ya m'munsi ya pa felemu kutsika mpaka pa tailosi, nasamutsira muyesowo pa chitseko kuchokera pa hinjesi inzake. Koma sanalekere pomwepo. Pansi pa bafa si pofanana ponse, ndipo chitseko chingakwane bwino chili chotseka koma n'kukagwira pakati pa ulendo wake. Anayendetsa levulo ndi kathabwa kowongoka m'njira yonse imene chitseko chimadutsa, napeza pamene pali pokwera koposa, ndipo kuchokera pamenepo anasiya mpata wa mamilimita 8 mpaka 10. Mpata wochepa kuposa apa umakanda matailosi kamchenga kakangoloŵapo. Waukulu kwambiri umachotsa ulemu wa bafa. Wapakatikatiwu umathandizanso kuti mpweya uziyenda, bafa liziuma.

Zitseko sizifanana. Cha matabwa okhaokha, a mlombwa, a mbaŵa kapena a paini wa ku Chikangawa, chimalola kudulidwa ndithu. Koma chitseko chosalala cha m'sitolo chili ngati ng'oma: mapulaiwudi aŵiri opyapyala kunja, m'kati mphako, ndi kathabwa kamodzi kopingasa kumunsi, kamene nthaŵi zina sikaposa zala ziŵiri. Kudula mamilimita 10 kapena 15 sikuononga kanthu, koma wodula inchi yathunthu angachotse kathabwa konseko, chitseko n'kutsala chili kukamwa yasa, nyumba ya mphemvu. Cha ku Chitedze chinali chotero. Kalipentala anatola chidutswa chimene anadulacho, nasenda pulaiwudi wa m'mbali mwake, napaka guluu wa matabwa pa kathabwako, nakabwezera m'mphako muja, n'kupana mpaka guluu atauma. Asanayambe kucheka anali atatema mzere wake ndi mpeni wakuthwa mbali zonse ziŵiri, kuti khungu la pulaiwudi lisanyotsoke, nagwiritsa ntchito macheka a mano aang'ono. Popala ndi puleni anayambira kumapeto kuloza pakati, mbali iyi kenaka inayo, chifukwa puleni ikatulukira kumapeto imabenthula ngodya.

Chimene ambiri amachinyalanyaza ndi utoto. Kumunsi kwa chitseko palibe amene amakuona, motero palibe amene amakupaka. Komatu ndiko kumamwa madzi okolopera ndi odontha posamba. Thabwa longodulidwa kumene limayamwa madzi ngati muzu, limafufuma, pulaiwudi n'kuyamba kumatuka kuchokera pansi. Kalipentala anapaka kaŵiri, nadikira kuti uume, chitseko chisanapachikidwe. Anaonanso mpata wa m'mbali. Matabwa amafufuma m'mimba mwake koposa m'litali, ndipo m'chigawo chapakati, kumene mwezi wa Okutobala kumauma gwa koma Januwale ndi Febuluwale kumakhala chinyezi chokhachokha, chitseko chokwana ndendende m'chilimwe chimakana kutseka m'dzinja. Anasiya mamilimita 3 kumbali ya loko. Mabowo a misomali ya mahinjesi amene anali atakula anawadzaza ndi timitengo topaka guluu, pakuti chitseko chambiri chimene chimakhula pansi sichinatalike ayi, changolendeŵera. Chitseko chikakhala chachitsulo, ntchito imeneyi ndi ya owotcherera, ndipo matailosi ayenera kuphimbidwa kapena chitsekocho chikadulidwire panja, chifukwa nthethe za moto zimasiya timadontho tosachoka.

Chitseko chitatseka bwino, mayi aja ndiwo anaona chinthu chimene amuna onse atatu sanachione. "Nanga pakhomopa? Agogo akadzabwera adzapunthwa usiku." Zinali zoona. Omanga akale ankatsitsa pansi pa bafa pang'ono kuyerekeza ndi m'njira ya m'nyumba, kuti madzi asatuluke. Tsopano bafa ndilo linali pamwamba, mphepete yakuthwa ya tailosi itayang'ana zala za wodutsa. Njira yabwino koposa ikanakhala kugumula simenti wakale matailosi asanayalidwe, kuti pansi patsopano pathere pamene panali pakale, ndi kupendeketsa pansi ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono pa mita iliyonse kuloza kotulukira madzi. Ndi ntchito yafumbi ya tsiku limodzi, koma ikanapulumutsa mtondo, kathanki ndi chitseko chomwe. Popeza mwayi umenewo unali utapita, kalipentala anaika kachitsulo kopendekera pamphepetepo, pansi penipeni pa chitseko chikatsekedwa, kuti phazi lizikwera mosazindikira. Kenaka anathira ndowa yathunthu ya madzi pakati pa bafa, onse ataima pakhomo kuyang'ana. Madziwo anazungulira pang'ono, napita kudzenje lawo.

Matailosi asanu amene anatsala, bambo aja anafuna kuwapereka kwa mnansi. Pulambala anawaletsa, nati mtundu wa matailosi umasintha m'masitolo chaka ndi chaka, ndipo tsiku limene imodzi idzasweke sadzapezanso yofanana nayo. Anawasunga pansi pa bedi, pamodzi ndi kapepala kolembapo muyeso wa cholumikizira chija. Malipiro otsiriza a amisiri aŵiriŵa anagwirizana kuti aperekedwe patapita mlungu umodzi. Loŵeruka lotsatira mayi aja anayalanso nyuzipepala kuseri kwa mtondo madzulo, ndipo m'maŵa mwake anaitenga ili youma. Khoma la kunja linatenga mwezi wathunthu kuti liyere.